Mboni ya Pambali pa Bedi

Kamera ija ikanabedwa chaka chatha, nkhani ikanatha isanayambe n'komwe. Chaka chatha a Chimkonono akagona, nyumba yonse yosanjikizana ija inkadziwa, kuyambira pansi pamene pali mashopu mpaka pamwamba poyanika zovala. Mkonono wawo unkagwedeza makapu m'kabati ya a Sajeni, amene chipinda chawo chinagundana khoma ndi cha mkuluyu. Unkayamba pang'onopang'ono, n'kukwera, n'kukwera, kenaka n'kuduka mwadzidzidzi, zii, mpaka a Sajeni n'kudzuka kukhala tsonga, mtima uli m'mwamba, kudikira kuti aneba awo apumenso. Dokotala ndiye anadzaulula kuti kuduka kuja sikunali kwa masewera. Mpweya unkatsekekadi pakhosi, ndipo tsiku lina ukanatsekekeratu. Anawapatsa makina ang'onoang'ono okhala ndi paipi ndi masiki, oti aziwapopera mpweya akagona. Mkonono unatha, dzina lokha ndi limene linatsala. Anthu anayamba kugona bwino, ndipo a Chimkonono anataya mboni zawo zonse.

A Sajeni anapuma ntchito yaupolisi kalekale, koma kulira kwa nsapato za boma ankakudziwabe. Lolemba m'mawa akuthirira maluwa awo a m'zitini pakhonde, anazimva zikugogoda pansi, kushopu ya mawotchi. Anasiya jagi, n'kumanga bwino mpango, n'kutsika masitepe mwachifatse ngati akungopita kukagula buledi. Kunena zoona mtima wawo unkavina. Maluwa ndi abwino koma sanama, ndipo mayi amene wakhala moyo wake wonse akumvetsera mabodza amafika powasowa.

M'shopumo anapeza anthu atatu. A Chimkonono, okonza mawotchi, anali atakhala kuseri kwa tebulo lawo, kagalasi kawo kokulitsira zinthu kali pachipumi. Patsogolo pawo panaima konsitebo wina wa kamimba kake, wooneka kuti wachoka kunyumba asanadye, ndi Wojambula, mwini situdiyo ya khomo loyandikana nalo, amene ankayankhula ndi manja onse awiri.

"Kamera yanga, amayi! Yaikulu ija!" anatero Wojambula atangowaona a Sajeni. "Loweruka madzulo ndatseka ndekha, dzulo sindinatsegule, lero ndikulowa, kabati ili pululu! Loko sanathyole. Zenera lili bwinobwino. Belu langa lamagetsi lija, limene limakuwa ngakhale mphaka akangokhudza chitseko, silinalire n'komwe. Ndiye mundiuze inuyo, kiyi wanga wapadera ali ndi ndani? Zala zodziwa kutontholetsa timawaya ndi za ndani muno?"

"Kiyi ndinakupempha ine?" anafunsa a Chimkonono osakweza mawu. "Suja unabwera wekha, ati madala ndisungireni, ine ndimataya?"

"Kiyi yekha si mlandu," anatero Konsitebo. "Vuto ndi loti a Kapitawo, oyang'anira nyumba ino, akuti Loweruka usiku cha m'ma 2 koloko anakuonani mukutsika masitepe, makiyi ali m'manja."

A Chimkonono anaseka mpaka kagalasi kaja kanatsetserekera pamphuno. Anali atangobwerako kumene kutsidya kwa nyanja, kumene anakakhala mwezi kwa mwana wawo wamkazi kukaona mdzukulu wobadwa kumene, ndipo chibwerereni palibe chimene chinkawakwiyitsa. Anapisa m'thumba n'kutulutsa foni.

"Ine ndinali mtulo, bwana, ndipo ndili ndi mboni yosadya ziphuphu. Mwana wanga akuti makina anga aja amalemba zonse, nthawi imene ndagona ndi imene ndadzuka, n'kutumiza m'kafonimu. Ine za m'mafoni sindizitsata, wotchi yopanda mivi ndilibe nayo ntchito. Tsegulani muone nokha."

Konsitebo anatsegula, n'kufufuza tsiku lake, nkhope n'kusintha. A Sajeni anaidziwa nkhope imeneyo. Ndi imene wapolisi amapanga munthu akadzimangirira yekha chingwe.

"Madala," anatero Konsitebo, "Loweruka usiku wonse makina sanalembe kanthu. Akuti munavala masiki 5 koloko m'bandakucha wa Lamulungu, n'kugona mpaka 12 koloko masana."

"Kagonedwe ka mbava kenikeni!" anakuwa Wojambula, kenaka n'kudzigwira pakamwa, chifukwa mkuluyo ankamukonda ndithu.

"Ndiyenera kupita nanu, mukagone kwathu lero," anatero Konsitebo, mawu ake osonyeza kuti iyenso sizikumukomera.

Apa kuvina kwa mtima wa a Sajeni kunaima. Chitokosi ankachidziwa ngati khitchini yawo: simenti, ndowa pakona, kazenera m'mwamba. Soketi munalibe. Anakumbukira zii uja wa kuseri kwa khoma, ndipo anachita mantha enieni.

"Mwanawe," anatero, "ndavala yunifolomu imeneyo iwe usanayambe sukulu, ndiye sindikuuza kuti uphwanye lamulo. Koma mkuluyu akagona opanda makina, mpweya umaduka. Ukamugoneka m'chitokosi, mawa ukhoza kukadzutsa mtembo, ndiye lipoti lake ulemba ndiwe. Undipatse mpaka dzuwa lilowe."

Konsitebo anawayang'ana, n'kuyang'ananso kutsidya kwa msewu kumene kunkachokera fungo la buledi. Anavomera.

A Chimkonono anali atangoti kakasi, maso ali pakhoma la mawotchi awo. Onse ankayendera limodzi, kupatula imodzi yoyera ya pamwamba pa chitseko, yolumikiza kumagetsi, imene inali m'mbuyo pang'ono.

"Aneba, inuyo kulekerera wotchi yonama m'shopu mwanu?" anafunsa a Sajeni, pofuna kungowachotsa maganizo.

"Ikudwala chiyambire dzulo," anayankha mkuluyo mosaganizira. "Wotchi yodwala sitiikankha mivi. Timaisiya kaye, tione ngati izitsalirabe."

*

A Kapitawo ankakhala m'kachipinda ka pansi pa masitepe, moyandikana ndi kabati yokhoma ya mamita a magetsi. A Sajeni anawapeza akupukuta nsapato zowala kale. Anali munthu waulemu wochuluka kuposa umene ukufunika, ndipo m'chiuno mwawo munkalira mpukutu wa makiyi ngati mbuzi yovala belu.

"Zikomo amayi, takulandirani, khalani apa, pepani mpando ndi womwewu. Inetu si munthu wa miseche, mukundidziwa. Zandipweteka kwambiri kunena, kwambiri zedi. Koma maso akaona aona."

"Munkatani panja nthawi imeneyo, a Kapitawo?"

"M'mimba, amayi, pepani kunena pamaso panu. Ndikutuluka chonchi, ndangokweza maso, ndikuona madala akutsika, patapata kuphazi, makiyi m'manja, akuyenda monyang'ama. Ndinati mwina ndi tulo ta ulendo, poti anthu akabwera kunja amasokonekera. Ndinayang'ana pafoni, 2 koloko yangokwana."

"Mwina anali wina. Usiku anthu amafanana."

"Ayi amayi, zikomo, nkhope ndinaiona bwinobwino. Babu wa pamasitepe uja ndinaika ndekha, watsopano, amawala ngati masana. Mpaka dazi linkanyezimira." Anapukusa mutu mwachisoni. "Munthu amene ndamutumikira ndi mtima wonse! Mwezi wonse ali kunja, ndani ankalowa m'shopu muja kukapukusa chiwotchi chawo chachikulu chija kuti chisaime? Ine. Anandisiyira mpukutu wonse wa makiyi, ndinawabwezera osasowa ngakhale mmodzi."

"Ndinu munthu wabwino," anatero a Sajeni akudzuka. Pa moyo wawo anali atamanga anthu abwino ambiri, ndipo pafupifupi onse ankayamba ndi kunena kuti si a miseche.

*

Mayi wa buledi kutsidya kwa msewu analibe nthawi ya ulemu. Manja ali mbuu ndi ufa, anayankha osasiya kukanda. Konsitebo anali atakhala kale pabenchi la pakhomo, kapu ya tiyi ili m'manja, masaya ali tutumu.

"Chimkonono? Dzulo m'mawa? Anabwera, nanga alephere? Buledi woyamba akutuluka kumene mu uvuni, dzuwa lisanafike n'komwe pakhoma ilo. Kubwera kudzandinyoza pakhomo panga pomwe, ati buledi wa kunja ndi wofewa ngati tsaya la mdzukulu wake. Ndinamuuza kuti abwerere komweko azikadya tsayalo."

"Munamuona nokha, osati kumva kwa wina?"

"Amayi, munthu woti wandionetsa zithunzi za khanda limodzi mpaka buledi wachiwiri kutsala pang'ono kupserera, ndingamuiwale?"

"Nanga Loweruka usiku, poti inu mumachezera kuphika, simunaone kanthu kunyumba kwathu kuja?"

"Ine maso amakhala pa ufa. Za m'nyumba za eni ndimazimva m'mawa kwa ogula."

A Sajeni anatembenukira kwa Konsitebo. "Wamva? Makina akuti dzulo m'mawa wonse mkulu uja anali mtulo, masiki ali kumaso. Mayi awa akuti nthawi yomweyo anali pano akunyoza buledi."

Konsitebo anameza. "Makina sanama, amayi."

"Nanga ine ndiye ndimanama?" anatero mayi wa buledi, akumenya ufa uja patebulo mwamphamvu. Konsitebo anayang'ana kapu ya tiyi imene anali asanalipire, n'kuigugudiza msangamsanga.

*

Atabwerera kushopu, anapeza a Chimkonono atavala kale jekete, atakhala chilili ngati munthu wodikira basi. Wojambula anali ataima pakhomo, tsopano manja ali m'thumba.

"Ndibwerekeni foni ija," anatero a Sajeni. Anavala magalasi awo, ndipo m'malo moyang'ananso Loweruka, anapita pa tsiku la lero. Anawerenga kawiri, n'kumva kukoma kuja kumene anali atakusowa chipumireni ntchito.

"Aneba, lero mwadzuka nthawi yanji?"

"M'bandakucha, ngati masiku onse."

"Mboni yanu ikuti lero mwadzuka 12 koloko masana."

Konsitebo anawalanda foni ija, n'kuyang'ana, kenaka n'kukweza maso kukhoma. Mivi yonse inali isanafike pa 12.  Ndiye chiwotchi chachikulu cha pakona chinakhosomola, n'kuyamba kugunda, ena onse n'kulandira, mabelu aakulu ndi aang'ono, mpaka shopu yonse inadzaza phokoso. Masana anali atangokwana kumene, koma makina anali atawalemba kalekale.

"Tiyeni tikaione mboniyi pamaso," anatero a Sajeni.

Chipinda cha a Chimkonono chinali chaudongo ngati cha msilikali: bedi loyala bwino, baibulo ndi magalasi pakatebulo, mawotchi ena atatu pakhoma. Makina aja anali pambali pa bedi, paipi itakolekedwa pamsomali, ndipo pamwamba pake panali kansalu kopinda kanayi.

"Kansaluka ndi kachiyani?"

"Kagalasi kake kamawala, kamandithobwa m'maso. Ndimakaphimba chilandirireni makinawa."

A Sajeni anachotsa kansalu kaja. Pakona pa kagalasiko panali timanambala ting'onoting'ono. Kunja dzuwa linali paliwombo, koma makina ankati ndi 7 koloko madzulo.

A Chimkonono anawerama, n'kutsitsa kagalasi kawo kokulitsira, n'kuyang'anitsitsa. Kenaka anakhala pabedi pang'onopang'ono.

"Imeneyi ndi nthawi ya kwa mwana wanga," anatero. "Panopa kumeneko akumusambitsa mwana."

Anamuimbira pomwepo. Mawu a mtsikanayo anamveka m'chipinda monse, kumbuyo kwake kukumveka madzi ndi kulira kwa khanda.

"Ababa, nthawi ndinasintha ndine mutangofika kuno, kuti adokotala anu asamaone ngati mukugona masana. Tsiku lonyamuka ndinayesa kuibweza, makina anakana. Kupita kutsogolo amalola, koma kubwerera m'mbuyo akuti afufuta zonse zimene alemba, ndiye ndinaopa. Ndinakuuzanitu pabwalo la ndege kuti mukafika mupite nawo kuchipatala akakukonzereni!"

"Unandiuza mwana ali m'manja mwanga. Ndikanamva chiyani?"

"Kodi kwachitika chiyani, ababa? Muli ndi alendo?"

"Palibe, mayi. Anzanga angobwera kudzaona makina. Musambitse bwino, madzi asalowe m'khutu."

Konsitebo anali akuwerenga kale ndi zala, kubwerera m'mbuyo maola asanu ndi awiri. Nkhope yake inamasuka. "Ndiye kuti munagona 10 koloko usiku, n'kudzuka 5 koloko m'mawa. Madala, pepani, mwagona ngati mwana wasukulu." Wojambula anayamba kale kutambasula manja kuti awakumbatire. A Sajeni nawo ankapinda kansalu kaja mokhutira.

Koma chala cha Konsitebo chinaima pafoni. Anakulitsa chithunzi, n'kuyandikitsa kumaso.

"Dikirani kaye. Mzere wa tulo ta Loweruka ndi woduka pakati. Pali kampata, ka mphindi khumi ndi zisanu." Anawerenganso ndi zala. "Madala, makina anasiya kulemba 2 koloko yeniyeni, nthawi imene a Kapitawo akuti anakuonani pamasitepe."

Manja a Wojambula anabwerera m'thumba.

*

"Kutsika, kutsegula, kunyamula kamera, kukwera, nthawi imeneyo ikukwana bwinobwino," anatero Konsitebo. "Munavuliranji masiki?"

"Sindinavule ine, makina ndi amene anandisiya." A Chimkonono anapukuta thukuta padazi. "Ndinadzidzimuka ndikubanika, mpweya sukubwera. Ndinapapasa batani, ndinadina, ndinadina, zii. Ndinati basi ulendo wa pandege wawasokoneza. Ndinakhala pabedi pompano, ndikuopa kugonanso. Kenaka anangoyamba okha kupuma, ine n'kugonanso. M'mawa ndinaiwala."

"Simunayatse nyale?"

"Ndikayatsa nyale tulo timathawiratu."

Konsitebo anapumira m'mwamba. Nkhani yotere anali ataimva kangapo, ndipo a Sajeni anali ataimva kuposa iye. Komabe mayiyo sanayang'ane mkuluyo, ankayang'ana chitseko. Pansi pake panali mpata wolowa chala, wofanana ndi wa chitseko chawo, umene chiikireni babu watsopano uja unkalowetsa kuwala mpaka pansi pa bedi. Anali atadandaulapo kawiri.

"Aneba, mutakhala pabedipo, pansi pa chitseko pankawala?"

A Chimkonono anatseka maso. 

"Ayi," anatero. "Kunali bii. Ngakhale dzanja langa sindinkaliona."

A Sajeni anapita pazenera, n'kulikankha, n'kutulutsa mawu aja amene kale ankaimitsa nawo anthu othawa. "Mayi a buledi! Loweruka usiku magetsi anazimako?"

"Akanazima mukanadya chiyani dzulo?" anayankha mayi uja ali kutsidya. "Uvuni wanga sunaphethire n'komwe!"

"Ndiye kuti sanazime," anatero Konsitebo.

"Sanazime kwa iwo. Tiyeni pansi."

Anatsika onse anayi, a Sajeni ali patsogolo, maondo awo ataiwala kuti amapweteka. M'shopu analoza wotchi yoyera ija ya pamwamba pa chitseko.

"Wodwala wanu uja, dzulo m'mawa anali m'mbuyo bwanji?"

"Mphindi khumi ndi zisanu."

"Nanga lero?"

A Chimkonono anayerekeza ndi wotchi ya pamkono pawo, ndipo manyazi anawagwira ngati mwana. "Chimodzimodzi. Sinawonjezere." Anagwira chibwano. "Ndiye kuti sikudwala. Inangoima, n'kuyambanso. Ine ntchito yonseyi ndakhala ndikuiganizira matenda!"

"Inaima limodzi ndi makina anu, limodzi ndi babu wa pamasitepe," anatero a Sajeni. Kenaka anatembenukira kwa Wojambula. "Limodzi ndi belu lako lokuwa lija. Palibe amene anakhudza timawaya tako. Wina anangozimitsa nyumba yonse."

Konsitebo anakonza lamba wake. Njala inali itatha, ndipo tsopano ankaoneka wapolisi ndithu. "Swichi yaikulu ili kuti?"

"M'kabati ya mamita, pansi pa masitepe. Ndi yokhoma, ndipo kiyi wake ndi mmodzi."

*

A Kapitawo anabwera akupukuta manja, akupereka moni kwa aliyense payekhapayekha. Konsitebo anawapempha mwaulemu kuti abwerezenso zimene anaona, pamaso pa mwiniwake.

"Zikundivuta, bwana, koma choonadi ndi choonadi. 2 koloko yeniyeni. Madala awa, patapata, makiyi."

"Babu anali akuyaka?"

"Ngwee, bwana! Ngati masana."

"Sanazimeko ngakhale pang'ono?"

"Babu amene uja? Ndinasankha ndekha."

A Sajeni anawalola kuti amalize, chifukwa bodza limakoma likafika kumapeto. Kenaka anawafotokozera modekha, ngati akuwauza za nyengo, kuti 2 koloko imeneyo nyumba yonse inalibe magetsi, pamene kutsidya kwa msewu ankayaka. Anawaonetsa wotchi yoyera ija, n'kuwaonetsa kampata ka pafoni.

"Munadikira kuti mkuluyu abwere kaye, kuti kamera ikasowa anthu ayang'ane amene amasunga kiyi," anatero. "Zonse munaganiza bwino, a Kapitawo. Munangoiwala kuti mukazimitsa belu la pansi, mwazimitsanso mpweya wa munthu pamwamba."

Mawu otsirizawo anatuluka mwaukali kuposa momwe ankafunira. Za kamera sizinawapweteke kwambiri, koma akaganiza za mkuluyo atakhala yekha mumdima akufunafuna mpweya, mtima unkawawira.

"Amayi, zikomo, pepani, mwina ndinasokoneza tsiku..."

"Makiyi," anatero Konsitebo, dzanja lili tambasu.

Anayesa mmodzimmodzi pa loko wa situdiyo. Wachikale anakana, wina anakana, koma kena kowala, kosula kumene, kanalowa ngati kwawo. M'kabati ya mamita, kuseri kwa zitini za penti, munali thumba la simenti lopinda bwino. Wojambula analitsegula n'kulira ngati mayi wopeza mwana wosochera, akupsompsona kamera ija paliponse. A Kapitawo, kwa nthawi yoyamba chibwerereni m'nyumbamo, anasowa mawu aulemu oti anene.

Konsitebo akutuluka nawo, anaima pakhomo n'kuwachitira a Sajeni sawatcha. Iwo anamuuza kuti asaiwale kulipira tiyi kutsidya, chifukwa mayi uja ndi woopsa kuposa mbava.

*

Madzulo ake anamwa tiyi m'chipinda cha a Chimkonono, zenera lili lotsegula, dzuwa likupendeka. Wojambula anapepesa kangapo konse, ndipo pofuna kutsuka mlandu wake anawajambula mkuluyo chithunzi chabwino, atavala jekete lomwe anavala pokonzekera kupita kuchitokosi lija, choti atumize kwa mdzukulu. Mayi wa buledi anatumiza buledi wamoto ndi uthenga woti ngati ndi wolimba amubweze. Sanabwezedwe.

Anthu atapita, a Sajeni anatsala akusonkhanitsa makapu.

"Kiyi wa kabati ya mamita ndamutenga ine, mpaka eni nyumba apeze munthu wina," anatero. "Ndipo mawa ndikuperekezani kuchipatala akakonze nthawi ya makinawa. Mboni yanuyi inatsala pang'ono kukugonetsani pasimenti."

"Inandipulumutsanso yomweyo."

"Itayamba yakumangani."

A Chimkonono anaseka, akuyang'ana timanambala tija. "Tipite, adokotala adziwe kuti sindigona masana. Koma ndikawapempha aziwerengera okha m'mbuyo, anaphunzira masamu. Mawotchi onse m'nyumba muno amandiuza nthawi imene ndikuidziwa kale, a Sajeni. Awa okha ndi amene akundiuza kuti panopa kamunthu kaja kali mtulo."

"Moti wokonza mawotchi asunga wotchi yolakwika?"

"Si yolakwika. Ili kwina basi."

Anatenga kansalu kaja, n'kukapinda, n'kukaika m'dirowa. Maso awo anali atalemera kale, poti tsiku linali lalitali, ndipo a Sajeni anawasiya akukonza paipi pamsomali.

Kwawo anamaliza kuthirira maluwa amene anawasiya m'mawa, n'kukhala pampando wawo wa pafupi ndi khoma. Kunja kunali kusanade bwino, ana ankasewerabe mumsewu. Anatchera khutu, monga ankachitira zaka zonse zija. Makapu m'kabati anali phee. Kuseri kwa khoma kunali zii, koma atagunditsa khutu anamva kampweya kakang'ono kakulowa ndi kutuluka, kakulowa ndi kutuluka, osadukiza. Anamvetsera mpaka mtima unakhala m'malo, kenaka anapapasa kiyi uja m'thumba la diresi lawo, n'kudzuka kukatereka madzi osamba.